Kodi kuyunivesite amaphunzira ndale zanji?

Maina a ophunzira omwe asankhidwa kupita kusukulu za ukachenjede za boma akatuluka, m'makomo ambiri mumamveka nthungululu. Mwana akasankhidwa kukaphunzira udotolo, unamwino, zamalamulo kapena uphunzitsi, aliyense pamudzi amadziwa chomwe mwanayo adzakhale. Koma dzina likatuluka pansi pa maphunziro a zandale, omwe pachingerezi amati Political Science, chimwemwe chimasakanikirana ndi mafunso.

Bambo amafuna adziwe ngati mwanayo adzalembedwe ntchito akamaliza. Mayi amaopa kuti ndale zidzawaphetsera mwana. Amalume, omwe agulitse ng'ombe kapena matumba a soya kuti fizi ipezeke, amafunsa ngati n'zoona kuti munthu angathe zaka zinayi akuphunzira zinthu zomwe ena amachita bwinobwino opanda ngakhale setifiketi ya Fomu 2.

Mafunsowa si opusa ayi. Ndalama zomwe banja limaononga pa mwana wa kuyunivesite ndi zambiri, ndipo mbiri ya dziko lino idaphunzitsa akuluakulu kuti ndale zimaluma. Komabe mantha ambiri amachokera pa dzina la phunziroli. M'midzi ndi m'misika, mawu akuti ndale amatikumbutsa nsalu za chipani, magule a amayi, malole onyamula anthu ndi malonjezo a pansanja. M'kalasi ya kuyunivesite mawu omwewo amatanthauza kufufuza momwe mphamvu zolamulira zimapezekera, momwe zimagwiritsidwira ntchito, komanso momwe anthu wamba angaziletsere zikayamba kupyola malire.

Dotolo wophunzira za malungo sasanduka udzudzu. Chimodzimodzinso wophunzira zandale sindiye kuti akukonzekera kuima pansanja. Ndipotu malamulo oyendetsera dziko lino safuna digiri kwa munthu wofuna uphungu. Amangofuna kuti akhale nzika ya dziko lino, akhale ndi zaka zosachepera 21, akhale kuti adalembetsa m'kaundula wa ovota, ndipo azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kuti atenge nawo mbali pa zokambirana za m'Nyumba ya Malamulo.

Zomwe zimaphunziridwa

Digiri yoyamba imatenga zaka zinayi. Kawirikawiri m'zaka zoyambirira wophunzira amalawako maphunziro ena a banja lomweli, monga zachuma, mbiri ndi chikhalidwe cha anthu, asadalunjike kwenikweni pa zandale. Phunzirolo palokha lili ndi nthambi zingapo.

Nthambi yoyamba ndi ya maganizo a anthu omwe adalingalira mozama za ulamuliro. Apa wophunzira amakumana ndi Plato ndi Aristotle a ku Greece wakale, Thomas Hobbes wa ku England yemwe mu 1651 adalemba kuti popanda boma lamphamvu anthu angathane okhaokha, ndi Montesquieu wa ku France yemwe mu 1748 adafotokoza ubwino wogawa mphamvu pakati pa opanga malamulo, oyendetsa boma ndi oweruza milandu. Amawerenganso atsogoleri a mu Africa muno monga Kwame Nkrumah wa ku Ghana ndi Julius Nyerere wa ku Tanzania, yemwe mu 1967 adakhazikitsa mfundo za Ujamaa ku Arusha. Funso lalikulu pansi pa zonsezi ndi lakalekale: n'chifukwa chiyani munthu ayenera kumvera boma, ndipo bomalo liyenera kumuchitira chiyani?

Nthambi yachiwiri ndi yofanizira ndale za maiko osiyanasiyana. Kuno kwathu dera lililonse limasankha phungu mmodzi, ndipo wopeza mavoti ambiri ndiye amapita ku Nyumba ya Malamulo. Ku South Africa ndi ku Mozambique anthu amavotera chipani, ndipo mipando imagawidwa molingana ndi mavoti omwe chipani chilichonse chapeza. Wophunzira amafufuza kuti njira iliyonse imabala zotani: ndi iti yomwe imalowetsa amayi ambiri m'Nyumba ya Malamulo, ndi iti yomwe imachititsa phungu kuopa ovota ake kuposa mtsogoleri wa chipani.

Nthambi yachitatu ndi ya ubale wa pakati pa maiko. Dziko lopanda doko ngati lathu, lomwe mafuta ndi feteleza wake zimadzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, silingaseweretse nkhani imeneyi. M'kalasi amakambirana za mkangano wa malire a panyanja ndi dziko la Tanzania, womwe gwero lake ndi pangano la 1890 pakati pa Britain ndi Germany. Amaunikanso chifukwa chomwe Malawi idathetsera ubale ndi Taiwan n'kuyamba ubale ndi China kumapeto kwa 2007, ndi zomwe zidatsatira boma litapitikitsa kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, mu April 2011.

Nthambi yachinayi ndi ya kayendetsedwe ka boma ndi mfundo zake: momwe bajeti imakonzedwera, momwe unduna umagwirira ntchito, ndi chomwe chimachitika pakati pa Capital Hill ndi ofesi ya DC kuti mfundo yolembedwa bwino ifike kumudzi itasintha nkhope. Yomaliza, yomwe ophunzira ambiri amaiopa koma ndiyo imadyetsa, ndi ya njira zochitira kafukufuku, ndipo muli masamu.

Phunziro lomwe lidali loopsa

Akuluakulu omwe amanjenjemera akamva mawu akuti ndale ali ndi zifukwa zawo. University of Malawi idakhazikitsidwa mu 1964 ndipo idayamba kuphunzitsa mu 1965 ku Chichiri mumzinda wa Blantyre. Chaka chotsatira, mu 1966, dziko lino lidakhala la chipani chimodzi, ndipo mu 1971 Dr Hastings Kamuzu Banda adakhala mtsogoleri wamuyaya. Mu 1973 Chancellor College idasamukira ku Zomba, komwe idaphatikizidwa ndi sukulu ya aphunzitsi ya Soche Hill komanso sukulu ya kayendetsedwe ka ntchito za boma yomwe idali ku Mpemba.

M'zaka zimenezo phunziro la ndale lidalibe malo akeake. Chomwe boma linkafuna chidali anthu odziwa kuyendetsa maofesi, osati ofunsa kuti mphamvu za mwini ofesiyo zimathera pati. Nsanamira zinayi za nthawiyo, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, sizidasiye mpata wa mafunso otere. Bungwe lounika mabuku ndi zisudzo, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1968, linkaletsa mabuku ambiri kulowa m'dziko muno. Mu May 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adaphedwa ndipo mitembo yawo idapezeka ku Mwanza. Mu 1987 mkulu wa nthambi ya Chingerezi pa Chancellor College, Jack Mapanje, adatsekeredwa kundende ya Mikuyu, komwe adakhala mpaka 1991 osazengedwa mlandu.

Zinthu zidatembenuka ndi kalata ya maepiskopi a mpingo wa Katolika yomwe idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992. Ophunzira a ku Zomba adali m'gulu la anthu oyamba kuyenda pamsewu poikira kumbuyo kalatayo, ndipo sukuluyo idatsekedwa. Pa 14 June 1993, pa chisankho cha riferendamu, anthu pafupifupi awiri mwa atatu alionse adasankha ndale za zipani zambiri, ndipo pa 17 May 1994 Bakili Muluzi adapambana chisankho. Apa m'pomwe phunziro la ndale lidapeza malo poyera, m'nthambi yomwe kwa zaka zambiri inkadziwika ndi dzina lachidule loti PAS. Mabuku ofotokoza ndale za kwathu kuno adayamba kutuluka, monga Government and Politics in Malawi la mu 2007, lomwe adakonza ndi Nandini Patel ndi Lars Svåsand.

Chaka cha 2011

Ufulu wophunzitsa ndi kuphunzira mosaopa udalembedwa m'gawo 33 la malamulo oyendetsera dziko lino, koma udayesedwa mwamphamvu mu 2011. Mu February chaka chimenecho mkulu wa apolisi wa nthawiyo, Peter Mukhito, adaitanitsa mphunzitsi wa zandale pa Chancellor College, Blessings Chinsinga, kuti akafotokoze chitsanzo chomwe adapereka m'kalasi. Mphunzitsiyo adayerekeza kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja m'dziko muno ndi mavuto omwe adautsa zipolowe ku Tunisia ndi ku Egypt.

Aphunzitsi anzake adanyanyala ntchito ponena kuti sangaphunzitse m'kalasi momwe muli akazitape. Ankafuna kuti mkulu wa apolisiyo apepese komanso kuti boma litsimikize kuti zotere sizidzachitikanso. Mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, Bingu wa Mutharika, adaikira kumbuyo mkulu wa apolisiyo. Aphunzitsi anayi, kuphatikizapo a Chinsinga ndi mtsogoleri wa bungwe la aphunzitsiwo, a Jessie Kabwila, adachotsedwa ntchito. Mkanganowo udatha pafupifupi miyezi isanu ndi itatu, ndipo anayiwo adabwezeretsedwa pantchito chakumapeto kwa chakacho. Ophunzira ndiwo adataya nthawi yambiri, makolo nawo adataya ndalama. Patapita zaka, mu 2022, a Chinsinga adasankhidwa kukhala nduna yoona za maboma ang'ono.

Mu September chaka chomwecho cha 2011, Robert Chasowa, wophunzira wa ku Polytechnic yemwe ankadzudzula boma, adapezeka atafa pasukulupo, ndipo komiti yofufuza za imfayo idapeza mu 2012 kuti adachita kuphedwa. Mnyamatayu ankaphunzira zauinjiniya. Izi zikuonetsa kuti zoopsa za ndale sizisankha phunziro lomwe mwana akuchita. Zimabwera pamene olamulira asiya kuopa malamulo, ndipo kudziwa zizindikiro za nthawi yotere ndi mbali ya zomwe phunziro la ndale limaphunzitsa.

Mafunso ake ndi a pakhomo pathu

Kuti timvetse ntchito ya phunziroli, tione mafunso angapo omwe ophunzira ndi aphunzitsi awo amalimbana nawo.

Loyamba ndi la malamulo a chisankho. Mu 2004 Bingu wa Mutharika adapambana ndi mavoti pafupifupi 36 pa 100 alionse. Mu 2014 Peter Mutharika adapambananso ndi mavoti pafupifupi 36 pa 100, ndipo mu 2019 bungwe la MEC lidalengeza kuti wapambana ndi mavoti osakwana 39 pa 100. Pa 3 February 2020 majaji asanu adafafaniza chisankho cha 2019, ndipo adagamulanso kuti wopambana upulezidenti ayenera kupeza mavoti oposa theka. Malawi idakhala dziko lachiwiri mu Africa, kutsatira Kenya mu 2017, pomwe khoti lidafafaniza chisankho cha mtsogoleri wa dziko.

Taonani zomwe zidatsatira. Zipani zomwe zinkayenda pazokha zidayamba kufunana. MCP ndi UTM zidalowa mumgwirizano wa Tonse pamodzi ndi zipani zina, DPP idagwirizana ndi UDF, ndipo pa 23 June 2020 Lazarus Chakwera adapambana ndi mavoti pafupifupi 59 pa 100. Pa 16 September 2025 Peter Mutharika adabwereranso ndi mavoti pafupifupi 57 pa 100. Andale adali omwewo, ovota adali omwewo, koma lamulo litasintha khalidwe la onse lidasintha. Wophunzira zandale amaphunzitsidwa kuyang'ana pa lamulo, pamene ena akungokangana za nkhope za anthu.

Funso lachiwiri ndi la mitundu ndi zigawo. Mu 1994 Muluzi adakolola mavoti ambiri kummwera, Kamuzu pakati, Chakufwa Chihana kumpoto, ndipo ambiri adati umu ndi momwe Amalawi adabadwira. Koma mu 2004 katswiri wa zandale wa ku America, Daniel Posner, adatulutsa kafukufuku yemwe adachita m'midzi ya Achewa ndi Atumbuka mbali zonse ziwiri za malire a Malawi ndi Zambia. Adapeza kuti kusiyana kwa miyambo ya mitundu iwiriyi n'kofanana mbali zonse, koma kukayikirana pandale kudali kwakukulu kuno kusiyana ndi ku Zambia.

Chifukwa chomwe adapereka ndi cha chiwerengero. Ku Malawi mtundu uliwonse mwa iwiriyi ndi waukulu moti wandale akhoza kuudalira pofuna mavoti, choncho kuwagawa kumamupindulira. Ku Zambia mitundu yonse iwiri ndi yaing'ono poyerekeza ndi dziko lonse, ndiye andale amaisonkhanitsa pamodzi ngati anthu a kum'mawa. Phunziro lake ndi loti udani wa mitundu kawirikawiri umachita kukolezedwa ndi omwe amapindula nawo. Chisankho cha 2009, pomwe Bingu adapeza mavoti pafupifupi 66 pa 100 ndipo adachita bwino m'zigawo zonse zitatu, chidaonetsa kuti ovota amatha kudumpha malire a zigawo.

Funso lachitatu ndi la feteleza wotsika mtengo. Pologalamu ya makuponi idayamba m'chaka cha ulimi cha 2005/06, ndipo mu 2020 idasinthidwa kukhala AIP. Katswiri wa zaulimi amafunsa ngati fetelezayo wachulukitsa chimanga. Wa zachuma amafunsa ngati boma lingakwanitse kulipira. Wa zandale amafunsa kuti ndani amalemba maina a olandira, mfumu ili ndi mphamvu zanji pamenepo, ndani amapatsidwa makontirakiti oitanitsa ndi kunyamula fetelezayo, komanso chifukwa chomwe zipani zimaopera kukhudza pologalamu yotere chisankho chikayandikira.

Funso lachinayi likukhudza msika womwe mumagulitsirapo tomato. Lamulo la maboma ang'ono la 1998 lidati mphamvu zipite ku anthu kudzera m'makhonsolo. Makhansala adasankhidwa mu 2000, nthawi yawo idatha mu 2005, ndipo dziko lidakhala lopanda makhansala mpaka chisankho cha patatu cha 2014. Kwa zaka pafupifupi zisanu ndi zinayi kudalibe munthu wosankhidwa ndi anthu woti afunse kuti ndalama za matikiti a mumsika zapita kuti pamene zimbudzi zadzadza ndipo zinyalala zaunjikana. Thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu la CDF lidayamba mu 2006, ndipo mkangano woti liziyendetsedwa ndi phungu kapena khonsolo udafika mpaka kukhoti mu 2025. Wophunzira wochokera ku Mitundu, Jenda, Lizulu kapena Luchenza sasowa mutu wa kafukufuku wa chaka chomaliza, chifukwa nkhani zake adakula nazo.

Kulawa mphika

Anthu ambiri amadabwa akamva pawailesi kuti kafukufuku wapeza maganizo a Amalawi pamene iwo sadafunsidwe. Mayi akafuna kudziwa ngati mchere wakwana m'ndiwo samwa msuzi wonse. Amatakasa bwino kenaka n'kulawa pang'ono. Luso lagona pa kutakasako. Bungwe la Afrobarometer, lomwe lidayamba mu 1999 ndipo Malawi idali m'gulu la maiko oyamba kufikiridwa, limafunsa anthu 1,200 kapena 2,400 m'dziko lonse. Anthuwo amasankhidwa mwamaere kuchokera m'zigawo zonse, m'tauni ndi m'midzi, amayi ndi abambo mofanana, kuti munthu aliyense wamkulu akhale ndi mwayi wofanana wofunsidwa.

Chisankho cha 2014 chisadachitike, kafukufuku wa Afrobarometer adaonetsa kuti Peter Mutharika ndiye ali patsogolo ngakhale kuti Joyce Banda ndiye adali pampando. Bungwe la IPOR la ku Zomba, lomwe mmodzi mwa akuluakulu ake ndi katswiri wa zandale Boniface Dulani, lidaonetsa Chakwera ali patsogolo mu 2020, ndipo mu 2025 lidaonetsa Mutharika ali patsogolo. Ulendo uliwonse omwe zotsatira sizidawakomere ankadandaula, koma mabokosi atatsekulidwa wopambana adali yemweyo.

Mwana yemwe akuthawira ku zandale poganiza kuti kulibe masamu adziwiretu zimenezi. Kuwerengera, kusanthula manambala pakompyuta ndi kulemba malipoti omveka ndi zomwe olemba ntchito ambiri amafuna kwa munthu wa digiri imeneyi.

Nanga ntchito?

Apa mpofunika kunena mosapsatira. Namwino ali ndi chipatala, loya ali ndi khoti, mphunzitsi ali ndi kalasi. Wa digiri ya zandale alibe mpando womwe udasungidwira iye yekha. Ntchito yomwe akufunsira amalimbirana ndi omwe adaphunzira zachuma, zachitukuko, zamalamulo ndi kayendetsedwe ka ntchito za boma, ndipo achinyamata omaliza digiri akuchuluka chaka ndi chaka.

Malo omwe ophunzira zandale amapezeka ndi monga m'maunduna a boma, makamaka m'maofesi oyendetsa ntchito ndi oona za ubale ndi maiko ena, m'makhonsolo, ku Nyumba ya Malamulo monga othandiza makomiti a aphungu, ku MEC, ku bungwe lolimbana ndi katangale la ACB, ku ofesi ya Ombudsman ndi ku bungwe la ufulu wa anthu la MHRC. Ena amagwira ntchito yophunzitsa anthu za ufulu ndi udindo wawo m'mabungwe monga NICE, CCJP ndi PAC. Ena amalowa utolankhani, ena kafukufuku, ena m'maofesi a akazembe. Ofuna kudzaphunzitsa kuyunivesite amayenera kupitiriza ndi digiri yachiwiri ngakhalenso yachitatu.

Ntchito zambiri za m'mabungwe omwe si aboma zimadalira ndalama za maiko akunja, ndipo zimakhala za kontirakiti ya chaka chimodzi kapena ziwiri. Mu 2025, boma la America litatseka bungwe lake la chithandizo la USAID, mapologalamu ambiri m'dziko muno adaima ndipo anthu adachotsedwa ntchito. Banja lomwe likuyembekeza kuti mwana akangovala gauni ndiye kuti galimoto ya bungwe yafika pakhomo likhoza kukhumudwa.

Choncho wophunzira wanzeru sadalira pepala lokha. Amasankha maphunziro othandizira omwe ali ndi msika, monga zachuma kapena zowerengera. Amaphunzira kugwiritsa ntchito mapologalamu a pakompyuta osanthulira manambala. Amanola Chingerezi chake cholemba, koma osataya luso lofotokoza nkhani yovuta m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao pamaso pa mafumu, chifukwa ntchito zambiri zimachitikira pansi pa mtengo. Akaonjezera Chifalansa kapena Chipwitikizi, makomo a maiko oyandikana nafe ndi mabungwe a maiko ambiri amatsekuka. Patchuthi amafunafuna ganyu yolemba mayankho pa kafukufuku kapena kudzipereka kuofesi ya khonsolo, kuti pomaliza sukulu akhale ndi choonetsa.

Kalowedwe ndi ndalama

Kuchokera mu 2021, pomwe makoleji a University of Malawi adagawidwa, dzinali lidatsalira ku Zomba, pamene Polytechnic idakhala MUBAS ndipo sukulu za udotolo ndi unamwino zidakhala KUHeS. Ku Zomba ndiye kuchimake kwa maphunziro a zandale m'dziko muno. Mzuzu University ili ndi maphunziro a ulamuliro, mtendere ndi chitetezo, ndipo Catholic University ya ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, yomwe idatsekulidwa mu 2006, nayo imaphunzitsa za utsogoleri wa ndale.

Polowera pake ndi setifiketi ya MSCE yokhala ndi makirediti asanu ndi imodzi kuphatikizapo Chingerezi, koma popeza malo ndi ochepa, omwe akhoza bwino kwambiri ndiwo amatsogola. Kasankhidwe ka ophunzira opita kusukulu za boma kamadzera ku bungwe la NCHE. Bungwe lomweli ndilo limavomereza sukulu za ukachenjede ndi maphunziro ake, choncho musadalipire kusukulu iliyonse yomwe si yaboma, fufuzani ngati sukuluyo komanso phunzirolo n'zovomerezeka. Paja safunsa adadya phula.

Ophunzira osowa akhoza kupempha ngongole ku bungwe loona za ngongole za ophunzira a m'sukulu za ukachenjede lomwe lidayamba ntchito mu 2015. Iyi ndi ngongole, ndipo imabwezedwa munthu akamaliza sukulu. Makolo awerengerenso malo ogona, chakudya, mayendedwe, laputopu ndi mabandulo a intaneti, chifukwa ophunzira ambiri amagona kunja kwa mpanda wa sukulu ndipo amadziphikira okha.

Mawu kwa mwana ndi kwa makolo

Pasukulu za ukachenjede pamakhala nthambi za zipani, ndipo andale amadziwa kuti wophunzira wanjala savuta kukopa. Kukonda chipani ndi ufulu wa aliyense, koma wophunzira zandale akumbuke kuti chuma chake chachikulu ndi kukhulupirika kwa mawu ake. Yemwe adadziwika ndi kutukwana anthu pa Facebook m'dzina la chipani adzavutika kupeza ntchito ya kafukufuku kapena yoyang'anira chisankho, pomwe pamafunika munthu woti mbali zonse zimukhulupirire. Akalowa ntchito m'boma adzapezanso kuti saloledwa kuchita ndale za chipani poonekera. Boma limasintha, koma zomwe munthu adalemba sizifufutika.

Kwa makolo, funso loyamba lisakhale la dzina la phunziro koma la mwanayo. Kodi amakonda kuwerenga? Kodi amatha kumvetsera maganizo omwe sagwirizana nawo mpaka wolankhulayo amalize? Kodi akauzidwa chinthu amafunsa umboni? Ngati mayankho ndi eya, phunziroli limuyenera. Ngati akungolifuna chifukwa amasilira galimoto za nduna, mukhale naye pansi sukulu isadatsekulidwe.

Mwanayo akabwera patchuthi, muyeseni ndi nkhani za pakhomo. Akufotokozereni kusiyana kwa ntchito ya phungu ndi ya khansala, popeza madera a aphungu adachoka pa 193 kufika pa 229 mu 2025 koma anthu ambiri amapitabe kwa phungu ndi nkhani zomwe ndi za khonsolo. Akuuzeni zomwe gawo 65 limanena pa phungu wochoka m'chipani chomwe adapambanira n'kulowa china, ndi chifukwa chomwe gawo 64, lomwe linkapatsa anthu mphamvu zochotsa phungu wawo, lidachotsedwera mu 1995. Akuthandizeni kulemba kalata yofunsa khonsolo momwe ndalama za mlatho zidayendera, pogwiritsa ntchito lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga m'maofesi a boma lomwe lidayamba kugwira ntchito mu September 2020. Akukumbutseninso kuti lamulo la zipani la 2018 limaletsa andale kugawa ndalama ndi mphatso pofuna kukopa mavoti.

Mu July 2002 ganizo lochotsa malire a materemu a mtsogoleri wa dziko lidagwa m'Nyumba ya Malamulo chifukwa lidaperewera mavoti atatu okha. Mu April 2012, Bingu atamwalira, padali masiku awiri a chikaiko Joyce Banda asadalumbiritsidwe monga momwe malamulo amanenera. Nthawi zonse ziwirizi dziko lidadalira anthu odziwa malamulo a ulamuliro komanso olimba mtima kuwatchula poyera. Anthu otere amafunikanso m'komiti ya chitukuko ya m'mudzi, m'komiti ya msika ndi m'komiti ya sukulu, komwe ndalama zimasowa mwakachetechete popanda wailesi yolengeza. Mwana akabwerako ku Zomba, ku Mzuzu kapena ku Nguludi akutha kuwerenga bajeti ya khonsolo ndi kufunsa mwaulemu koma mosaopa, ng'ombe ya amalume ija siidapite pachabe.